Bondo Loikidwa pa Opaleshoni Likaguluka

Munthu amene bondo lake latha ndi nyamakazi amatha kuikidwa lina pa opaleshoni. Madokotala amaveka chitsulo kumapeto kwa fupa la ntchafu, china pamwamba pa fupa la msongolo, ndipo pakati pake amaikapo pulasitiki yolimba. Nthawi zambiri zigawo ziwiri zachitsulozi sizimangidwa pamodzi ayi; zimene zimazigwira ndi minyewa ya mwini bondoyo. Nchifukwa chake bondo lotere limatha kuguluka, ngakhale kuti izi sizichitikachitika.

Nthawi zina chimene chimachoka m'malo mwake ndi kafupa kapatsogolo pa bondo, kamene kamatsetserekera kumbali yakunja. Choopsa kwambiri ndi pamene mafupa awiri aakuluwo asemphana. Mawondo ena oikidwa amakhala ndi kamsomali ka pulasitiki pakati, ndipo ngati minyewa ili yolekerera, chitsulo cha m'ntchafu chimalumpha kamsomaliko munthu akapinda bondo kwambiri uku akulipotokola. Zimachitikanso zigawozo zikaikidwa mopendekeka, pulasitiki ikaperepeseka patapita zaka, kapena minofu ya ntchafu ikafooka.

Malangizo ambiri a m'zipatala amalembedwera anthu okhala pamipando, pomwe ife kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, moyo wathu ndi wapansi. Timanjuta m'chimbudzi chokumba, timakhala pamphasa miyendo itapindidwa, amayi amagwada popereka moni kwa akuluakulu, ndipo pokumba mbatatesi munthu amatembenuka phazi litamira m'nthaka. Wodwala afunse dokotala wake za zimenezi chimodzichimodzi asanatuluke m'chipatala. Mpando wobowola pakati woika m'chimbudzi ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi opaleshoni yachiwiri.

Bondo likaguluka limapweteka mwadzidzidzi, limaoneka lopindika ndipo limakana kuwongoka. Achibale asalikoke kapena kulisisita, chifukwa kuseri kwa bondo kumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo magazi akasiya kuyenda kwa maola oposa 6 mpaka 8, mwendo ukhoza kudulidwa. Muvuleni nsapato, mugwire phazi. Ngati lazizira, lachita dzanzi kapena akulephera kudzutsa zala, musadikire kuti kuche. Mangani mwendowo pathabwa mmene ulili, ndipo mumunyamule chogona kupita kuchipatala chapafupi, monga cha Ulongwe, kumene angamutumize kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete. Musaiwale mapepala a opaleshoni, popeza amanena mtundu wa bondo limene anaikidwa.

Kumeneko amamujambula, amamugoneka tulo ndi mankhwala nkubwezera bondolo m'malo, kenako amalimanga kwa masabata angapo. Likamagulukabe, amafufuza kaye ngati mulibe mafinya, kenako amasintha pulasitiki kuika yokhuthala, kapena amaika bondo lina lokhala ndi cholumikizira pakati.