Kodi Mulungu adaphwanya pangano la utawaleza pa Freddy?

Kuchokera mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adawomba, funso ili silichoka pakamwa pa akhristu a kuno ku Mulanje. Limabwera pa maphunziro a Baibulo, pa misonkhano ya amayi a Mvano, ngakhale pa siwa usiku nyimbo zikadukiza: "Abusa, si paja Mulungu adalonjeza Nowa kuti sadzawononganso dziko ndi madzi? Nanga zija za Freddy n'chiyani?" Ofunsawo si anthu onyoza Mulungu ayi. Ndi anthu a ku Muloza, a kwa Njema, a kwa Nkhulambe ku Phalombe, amene adaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri n'kukokolola abale awo. M'dziko lonse anthu opitirira 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo opitirira theka la miliyoni adatsala opanda pogona. Munthu wotere akafunsa, ayenera kuyankhidwa kuchokera m'malemba momwemo, osati kungouzidwa kuti asamafunse.

Vuto limayambira pa mmene timamvera pangano. Aliyense wa kuno amadziwa mgwirizano wa kuesiteti: uthyola tiyi, kapitawo ayeza pa sikelo, malipiro atsata makilogalamu ako. Ukajomba, palibe ndalama. Agogo athu adaona zowawa koposa pa thangata, pamene munthu ankagwira ntchito kwa mwini esiteti kuti aloledwe kukhala pa malo. Maganizo amenewa timapita nawo ku tchalitchi osazindikira, n'kumaganiza kuti Mulungu nayenso ali ndi sikelo: mvula yabwino kwa omvera, chigumula kwa ochimwa. Pangano la Nowa silili choncho ngakhale pang'ono.

Werengani Genesis 8:20 mpaka 9:17, muone amene Mulungu akupangana nawo. Aisraeli panthawiyo kunalibe. Akutchula Nowa, ana ake ndi zidzukulu zawo, kenako mbalame, ziweto ndi nyama zakutchire, ndipo pa vesi 13 akuti panganolo lili pakati pa Iye ndi dziko lapansi. Mbalame singasayine kanthu. Nowa naye salonjeza kalikonse m'ndime yonseyi. Wolankhula ndi Mulungu yekha. Ngakhale utawaleza, vesi 16 ikuti amene adzauone n'kukumbukira pangano ndi Mulungu mwini wake.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chifukwa chimene Mulungu akupereka. Pa Genesis 6:5 chigumula chikubwera chifukwa maganizo a mtima wa munthu ndi oipa nthawi zonse. Madzi ataphwa, pa 8:21, Mulungu akuti sadzatembereranso nthaka chifukwa cha munthu, ngakhale akudziwa kuti mtima wa munthu ndi woipa kuyambira ubwana. Chigumula sichidasinthe mtima wa munthu, ndipo Mulungu akuvomereza poyera. Mavesi ochepa chabe kutsogoloku Nowa yemweyo waledzera ndi vinyo wa m'munda mwake, wagona maliseche m'hema. Ndiye kuti Mulungu adalumbira kusunga dziko akudziwa bwino mtundu wa anthu amene akuwasunga. Lonjezolo likadadalira khalidwe lathu, silikadatha ndi chaka chomwe.

Tsono adalonjeza chiyani kwenikweni? Kuti sikudzakhalanso chigumula chopha zamoyo zonse, ndiponso kuti nthawi yobzala ndi yokolola, chisanu ndi mafundi, usana ndi usiku sizidzaleka dziko likadalipo. Sadalonjeze kuti Ruo kapena Thuchila sadzasefukira. Baibulo lomwelo limanena za njala m'masiku a Abrahamu, a Yosefe ndi a Rute, onsewa atabwera pambuyo pa Nowa. Yesu naye, pa fanizo la nyumba ziwiri pa Mateyu 7, akunena za mitsinje yodzaza imene idawomba nyumba ya wanzeru ndi ya wopusa yomwe. Choncho yankho langa ndi loti panganolo silidaphwanyike. Komabe sindingaime pamaso pa mayi amene adataya ana ake n'kumuuza kuti atonthole poti dziko lonse silidawonongeke. Kwa iye lidawonongeka. Amaloledwa kulira ndi kufunsa Mulungu molimba, monga momwe Masalimo ambiri amachitira.

Chimene sindingavomereze ndi ulaliki umene udamveka m'malo ena, wonena kuti midzi imene idakokoloka inali ndi machimo oposa midzi ina. Olalika chotere amathamangira ku Deuteronomo 28, kumene kuli madalitso ndi matemberero. Koma mutu umenewo uli m'pangano lina, la kudzera mwa Mose, limene Mulungu adachita ndi mtundu wa Israeli pa za dziko la Kanani. Limenelo linali ndi mbali ziwiri, ndipo anthu adayankha okha kuti adzachita zonse zimene Mulungu wanena (Eksodo 24). Sitingatenge temberero la pangano limenelo n'kulimata pa mudzi wa m'mphepete mwa Muloza. N'zoona kuti aneneri ngati Amosi adanenapo za chilala ndi dzombe monga chilango, koma iwo adatumidwa ndi uthenga umenewo. Ife tili ndi mawu a Yesu pa Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu itagwa n'kupha anthu 18, Iye adafunsa ngati akufawo anali ochimwa kuposa anthu ena onse a mu Yerusalemu, ndipo adayankha yekha kuti ayi. Kulapa adauza amoyowo, amene ankaloza zala. Anzake a Yobu nawo adalimbikira kuti mavuto ake adadza ndi tchimo lobisika, ndipo pa Yobu 42:7 Mulungu adawakwiyira chifukwa sadanene zoona za Iye.

Za mmene ngoziyo idachitikira, akatswiri a zanyengo adafotokoza. Freddy adayambira kufupi ndi Australia, adawoloka nyanja yonse ya India, ndipo adakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Mvula ikagwa masiku angapo osadukiza, dothi la pamalo otsetsereka limakhuta madzi, limalemera, kenako limatereka pamwamba pa thanthwe pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Akuluakulu amati wadutsa Napolo, ndipo a ku Phalombe amakumbukira ngozi yotere ya mu 1991. Mitengo imagwira nthaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi, ngakhale kuti pa mvula yoopsa chotere malo ena a nkhalango amagumukabe.

Pamenepa pangano la Nowa likutipatsa ntchito. Ngati Mulungu adalowetsa mbalame, nyama ndi nthaka m'pangano lake, mkhristu sangaone phiri ngati nkhokwe yopanda mwini. Pa Genesis 2:15 munthu adaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamalira, ntchito ziwiri pamodzi. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Phiri la Thyolo limene linali ndi nkhalango yowirira lero ndi minda mpaka pamwamba. Sindikunena izi kuti ndiweruze bambo wootcha makala kuti ana adye, kapena banja lolima pamtsetse chifukwa malo abwino adapita ku maesiteti kalekale. Kusowa kwa malo ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi nkhani ya chilungamo imene mipingo iyenera kuilankhula mosaopa. Koma pali ena, ena a iwo amakhala mipando yakutsogolo m'tchalitchi, amene amagula matabwa akuba n'kumatumiza ku Blantyre. Amenewo ayenera kumva kuti akuwononga chimene Mulungu adalumbira kuchisunga.

M'ndime ya Nowa ija, pa Genesis 9:5-6, Mulungu akuti adzafunsa za magazi a munthu, chifukwa munthu adapangidwa m'chifaniziro chake. Moyo ndi wa mtengo wapatali, wako womwe. Ndimamva ena akuti kusamuka pamene a zanyengo achenjeza pa wailesi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Ahebri 11:7 ikuti Nowa atachenjezedwa za zinthu zimene zinali zisanaoneke adakhoma chombo, ndipo kukhomako ndiye kukutchedwa chikhulupiriro. Madzi saiwala khwawa. Mfumu ndi mkulu wa mpingo amene akuthandiza anthu kupeza malo okwera akugwira ntchito ya Mulungu.

Mapangano a m'Baibulo saima payekhapayekha. La Nowa limasunga dziko kuti chipulumutso chipeze pochitikira. Pa Genesis 15 Abrahamu adadula nyama pakati monga mwa mwambo wa nthawiyo, pamene opangana ankadutsa pakati pa zidutswazo kusonyeza kuti wophwanya pangano aone zomwezo. Koma Abrahamu adagona tulo tofa nato, ndipo chimene chidadutsa pakatipo ndi ng'anjo yofuka ndi muuni wamoto, chizindikiro cha Mulungu yekha. Yeremiya 31 ikulonjeza pangano latsopano lolembedwa m'mitima, ndipo usiku woti aperekedwa Yesu adatenga chikho nati ndi pangano latsopano m'magazi ake (Luka 22:20). Mtengo wa kuphwanya kwathu adaulipira ndi Iye. Mneneri Yesaya pa 54:9-10 amalumikiza zonsezi m'mawu amene munthu wa kuno angawamve kuposa wina aliyense: Mulungu akukumbutsa za lumbiro la madzi a Nowa, kenako akuti mapiri akhoza kusuntha ndi zitunda kugwedezeka, koma chikondi chake ndi pangano lake la mtendere sizidzachoka. Yesaya sakukana kuti phiri lingagumuke.

Ndipo chipulumutsocho si cha mizimu yokha. Aroma 8 ikuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi pa nthawi yochira, kudikira kumasulidwa, ndipo Akolose 1:20 ikuti magazi a pamtanda akuyanjanitsa zinthu zonse, za pansi pano ndi za kumwamba. Chivumbulutso 21 sichitha ndi anthu othawa dziko, koma ndi kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano.

Izi n'zofunika makamaka kwa mabanja amene matupi a abale awo sadapezeke. Pachikhalidwe chathu maliro opanda thupi ndi bala losapola, ndipo ena amada nkhawa ngati wosaikidwa m'manda adzauka nawo. Chiphunzitso cha mipingo yathu, kaya ndi a CCAP, Akatolika kapena a Adventist a ku Malamulo, n'chimodzi pa mfundo iyi: kuuka kwa akufa kumadalira mphamvu ya Mlengi, osati bokosi, manda kapena mwambo wa maliro. Chivumbulutso 20:13 chimanena mwachindunji kuti nyanja idzapereka akufa amene ali m'menemo. Ndikupempha abusa anzanga ndi akulu a mpingo kuti banja lotere likapempha mapemphero okumbukira m'bale wawo, ngakhale papita zaka, tisakane poti palibe manda oloza. Tipite pakhomopo, titchule dzina la malemuyo, tiwerenge malemba amenewa pamodzi ndi anamfedwa.