Mayankho pa zomwe mukutifunsa zokhudza kuyezetsa mahomoni

Masabata apitawa pa labu pathu mzere ukumayamba m'mamawa, ndipo ambiri mukubwera ndi mawu amodzi, "ndikufuna mundiyeze mahomoni". Ena tinakubwezani, ena munapsa mtima mpaka kutilembera pa WhatsApp kuti tikungofuna ndalama. Ndiye tati tiyankhe pano.

Mahomoni ndi chani?

Ndi timadzi tomwe thupi limapanga lokha n'kumayenda m'magazi, timayendetsa msambo, kubereka, mphamvu ya abambo, shuga ngakhale kugunda kwa mtima.

Bwanji simungondiyeza onse kamodzi?

Palibe kuyeza kumodzi kotchedwa "mahomoni". Alipo ambiri ndipo aliyense ali ndi mtengo wake. Mayi amene akuonda, mtima ukuthamanga, akutuluka thukuta kapena khosi latupa, adokotala amayamba ndi TSH ya chithokomiro. Amene msambo ukudumphadumpha kapena mkaka ukutuluka koma sakuyamwitsa amaonedwa prolactin, homoni yomwe imachititsa kuti mabere atulutse mkaka. Amene wamera tsitsi pachibwano, ziphuphu sizikutha, msambo ukubwera patalipatali, amaganiziridwa PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kutuluka kwa mazira, ndipo pamenepo nthawi zambiri pamafunikanso sikani. N'chifukwa chake timafuna kalata ya adokotala, komanso musaiwale bukhu lanu lakuchipatala.

Ndinafika 6 koloko, munandibweza kuti ndibwere tsiku lina. Chifukwa?

Izi zimatiwawa nafenso, makamaka mayi akatiuza kuti wachokera kutali ndipo thiransipoti anachita kubwereka. Koma mahomoni a amayi amasintha ndi masiku a msambo. FSH, LH ndi estradiol, mahomoni oyendetsa msambo ndi kukhwima kwa mazira, timatenga pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu kuchokera pomwe mwayamba kusamba. Progesterone, yoona ngati dzira linatuluka, timatenga kutatsala masiku 7 kuti musambenso, lomwe ndi tsiku la 21 kwa amene msambo wawo umatenga masiku 28. Tikatenga tsiku lolakwika pepala lituluka ndithu koma silithandiza aliyense. Imbani kaye musananyamuke.

Nanga abambo?

Testosterone, homoni ya mphamvu ya abambo, imakhala yokwera m'mawa, ndiye mufike isanakwane 10 koloko musanadye kanthu. Ikapezeka yotsika timabwereza tsiku lina m'mawa tisananene kuti pali vuto. Ngati nkhani ndi yosowa mwana m'banja, choyamba kwa abambo si mahomoni ayi, ndi kuyeza umuna, mutakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana. Abambo chonde, tikuona amayi akubwera okha katatu kanayi inu osaoneka olo kamodzi, pomwe vuto limatha kukhala mbali iliyonse. Ndipo amene mukubayitsa jakisoni wa testosterone wogula pa intaneti dziwani kuti amachepetsa mbewu ya abambo. Tiuzeni chilichonse chomwe mukumwa, kaya ndi gondolosi kaya mapiritsi a biotin a tsitsi aja, chifukwa biotin amasokoneza zotsatira zina.

Ndinalipira kale, mukuti ndibwereze, ndilipirenso? Nanga sikimu yanga?

Apa ndi pomwe pali madandaulo ambiri ndipo tiyankha mosamala. Ngati kubwereza kwabwera chifukwa cha ife, mwina magazi anaonongeka kapena anali ochepa mu botolo, simuyenera kulipiranso, ndipo ngati wina anakulipiritsani bwerani ndi lisiti tione. Koma ngati adokotala apempha kubwereza kuti atsimikize, monga testosterone ija kapena prolactin yomwe imatha kukwera chifukwa cha nkhawa chabe kapena mankhwala ena ngati metoclopramide woletsa kusanza, kumeneko ndi kuyeza kwatsopano, mankhwala oyezera agwiranso ntchito, ndiye nthawi zambiri kumalipiridwa, ngakhale nkhani iliyonse timaiona payokha. Za sikimu sitingakulonjezeni kanthu. Masikimu amasiyana, ena amafuna chilolezo kaye, ena akaona kuti nkhani ndi ya kubereka amakana, ndipo amene amaganiza zimenezo ndi iwowo osati mtsikana wathu wapawindo amene mukumukalipira uja. Afunseni a sikimu yanu musanabayidwe. Amene simungakwanitse, pitani kuchipatala cha boma, akaona kuti n'kofunika amatha kukutumizani kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kodi zotsatira zanu n'zodalirika?

Inde, makina timawayesa kaye tisanaikemo magazi a munthu.

Nanga bwanji zikuchedwa chonchi?

Tivomere, mwezi wathawu ena munadikira kuposa momwe tinakuuzirani. Mankhwala oyezera amachokera kunja ndipo anachedwa kufika, magazi ena tinachita kutumiza kwina. Tinalakwitsa posakuimbirani foni.

Ndili pa jakisoni wa Depo, msambo unasiya. Mahomoni asokonekera?

Kawirikawiri ayi, jakisoni wa miyezi itatu uja amatero kwa amayi ambiri, ndipo kuyeza FSH kapena progesterone muli pa njira yolera ya mahomoni sikuonetsa chithunzi chenicheni. Ngati simuli pa kulera ndipo msambo wasowa, yambani ndi kuyeza mimba. Amayi opitirira zaka 45 amene msambo wayamba kutalikirana, usiku thupi likutentha, nthawi zambiri safunika n'komwe kuyeza magazi, adokotala amadziwa pomva zizindikiro. Koma ngati munasiya kusamba chaka chathunthu kenako mwaonanso magazi, musabwere kudzaima pa mzere wa mahomoni, pitani mukaonane ndi adokotala sabata yomweyo.