Zikho zinayi za Maule ndi kutsika kwa Red Lions: nkhani idali pa benchi

Nyengo ya mpira ya 2023 idatisiyira nkhani ziwiri zimene kuno ku Zomba sitidamalize kukambirana. Yoyamba, FCB Nyasa Big Bullets, imene masapota amaitcha Maule, idakokolola zikho zonse zinayi: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, chomwe chaka chimenecho n'kuti chikungoyamba kumene. Yachiwiri ndi yowawa kwa ife. Red Lions, asilikali athu a ku Cobbe Barracks, adatuluka mu ligi limodzi ndi Blue Eagles ndi Extreme FC.

Mukakwera minibasi ya ku Chinamwali kapena kukhala pa bawo ku Mpondabwino, zifukwa mudzazimva zambirimbiri. Wina adzati Maule ndi ndalama basi, wina adzati oyimbira, ndipo sipalephera wina wotchula zitsamba. Ine ntchito yanga ndi yolimbitsa matupi a osewera ndi kuwasamalira akavulala, m'matimu a achinyamata ndi a m'maligi aang'ono m'boma lino. Ndikayang'ana nyengo imeneyo, chimene ndimaona ndi miyendo: ndani adali nayo yokwanira kufika kumapeto kwa chaka, ndipo ndani idamuthera m'njira.

Mu ligi ya TNM Super League ya 2023 mudali matimu 16. Timu iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakhomo ndi koyenda, ndiye kuti masewero 30. Timu imene yatuluka msanga m'zikho, ntchito yake ya chaka imathera pafupifupi pomwepo. Koma Bullets idafika mu fainolo ya zikho zitatu, kutanthauza kuti idadutsa ndime zonse za zikhozo. Onjezerani masewero anayi a CAF Champions League: awiri ndi Dragon ya ku Equatorial Guinea, imene Maule adaitulutsa, ndi awiri ndi TP Mazembe ya ku DR Congo, imene idawatulutsa iwo. Pamodzi ndi masewero oposa 40, osawerengera masabata amene ena mwa anyamatawo ankaitanidwa ku Flames. Kuti masewero ochuluka chonchi akwane m'miyezi yowerengeka, pamakhala nthawi imene timu imasewera Lachitatu, Lamulungu, Lachitatu linanso.

Wosewera wapakati amathamanga makilomita pafupifupi 10 m'masewero amodzi. Komatu si kutalika kwa mtunda kumene kumamupweteka kwambiri. Chimamusautsa ndi kuyamba liwiro mwadzidzidzi, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, kulumpha ndi kutera. Zimenezi zimang'amba timinyewa ting'onoting'ono m'kati mwa mnofu, ndipo mphamvu imene mnofu udasunga kuchokera ku chakudya imatha. Thupi limafuna masiku awiri kapena atatu kuti likonze zonsezi, ndipo limakonza bwino munthu akagona mokwanira, akadya ndiponso akamwa madzi.

Mudzamuone mnyamata m'mawa wa tsiku lachiwiri chisewerereni. Masitepe amatsika cham'mbali atagwira khoma. Pomanga zingwe za nsapato amayamba wakhala pansi, chifukwa kuwerama kukumukanika. Minofu imawawa kwambiri tsiku lachiwirilo kuposa loyamba. Mukamufunsa, adzati ali bwinobwino, pakuti palibe wosewera amene amauza kochi kuti watopa. Amaopa kuti malo ake apita kwa mnzake. Mukamuika m'bwalo tsiku lachitatu adzasewera ndithu, koma liwiro lidzakhala litatsika, ndipo mnofu wa kuseri kwa ntchafu, umene umakokeka kwambiri munthu akathamanga liwiro lonse, ndi umene umayamba kugonja. Mwaonapo wosewera akuthamangira mpira, kenaka n'kudumpha ngati waponda minga, dzanja lili kuseri kwa ntchafu. Ameneyo akhala panja masabata angapo, ndipo mukamufulumizitsa kubwerera, kawirikawiri amavulalanso pomwe paja.

Dziko lathu limawonjezera zake. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800 pa basi, kutsika mapiri a Chiweta, mawondo atapindidwa tsiku lonse. Bwalo la Karonga ndi la kapeti ngati Kamuzu Stadium, ndipo kapeti imatentha kuposa udzu, makamaka mu Okutobala pamene mpira wathu umaseweredwa dzuwa likuswa mtengo. Sabata yotsatira muli ku Chitowe ku Dwangwa kapena ku Dedza, pa nthaka ina yolimba mosiyana. Akakolo ndi mawondo amamva kusintha kulikonse.

Chifukwa chake kochi amene ali ndi osewera abwino 11 okha ndi wosauka, ngakhale 11 amenewo akhale akatswiri. Kuyambira 2022 malamulo a mpira adakhazikitsa zoti timu ingathe kusintha osewera asanu, pa maulendo atatu masewero ali m'kati, kuwonjezera pa nthawi yopumira. Mukachotsa goloboyi, asanu ndi theka la timu yonse. Lamuloli limakomera timu imene benchi yake ndi yolemera. Mphindi 60 zikakwana, iyo imalowetsa anyamata atatu a miyendo yatsopano amene luso lawo silikusiyana kwenikweni ndi la otulukawo. Inzake imayang'ana pa benchi, n'kuona kuti ikasintha ndiye kuti yafooketsa timu, choncho imasiya otopa omwewo kuti amalize.

Benchi ya Bullets sidagwe kumwamba. Timuyi ili ndi Bullets Reserve, imene panthawiyo ankaiphunzitsa Enos Chatama, ndipo kulimba kwa anyamata amenewo kudaoneka mu 2022 pamene adafika mu fainolo ya chikho cha FDH n'kukumana ndi akuluakulu awo omwe. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma, amene adasautsa otchinga kumbuyo ambiri mu 2023, adadzera komweko, ndipo pambuyo pake onse awiri adapita kukasewera ku Lubumbashi, ku DR Congo. Ubwino wa mnyamata wokulira pakhomo ndi wakuti safuna miyezi itatu yozolowera. Amadziwa kale poima mpira ukatayika, amadziwa mnzake amakonda kupatsidwa mpira kumwendo uti, ndipo kulemera kwa jezi yofiira adakuzolowera. Mukamuponya m'bwalo Lachitatu kuti wamkulu apume, timu imasewera mpira wake womwe uja.

Amene amati ndi ndalama sakunama, koma amaimira panjira. Ndalama sizigoletsa chigoli. Zimalipira malipiro pa nthawi yake kuti mnyamata wa pa benchi asathawe, zimadyetsa timu yachiwiri, zimagula basi yabwino ndi malo ogona abwino ku ulendo, zimalipira munthu wosamalira ovulala. Mu 2023 Bullets idalowa mgwirizano ndi First Capital Bank, n'chifukwa chake dzina lidayamba ndi FCB, kuwonjezera pa eni ake a Nyasa Manufacturing Company. Funso loyenera kufunsa timu iliyonse si lakuti ili ndi zingati, koma kuti zingati zimapita kwa wosewera wa nambala 18 ndi wa nambala 22.

Ndiye pali kochi. Kalisto Pasuwa adabwera kuno atatenga kale ligi ya kwawo ku Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, ndiponso atatsogolera timu ya dziko lawo ku AFCON, mpikisano wa matimu a maiko a mu Africa, ya 2017. Ligi ya 2023 idali yachisanu motsatizana kwa Maule. Kuona kwanga, luso lalikulu la munthu wotenga ligi mobwerezabwereza chonchi ndi kulimba mtima kokhazika pansi wosewera amene masapota akumufuna, lero, kuti adzakhale wamphamvu m'masewero atatu akubwerawo. Ambiri mwa makochi athu zimenezi amazidziwa, koma amaopa kuti akagonja kamodzi ntchito yatha. Tisaiwalenso kuti benchi yokwanira pakhomo pano idachepa itakumana ndi Mazembe: 1-0 pa Bingu, 4-0 ku Lubumbashi. Kuchoka pa chipongwe chotero n'kudzatolera zikho kunyumba kumafuna gulu limene silidalira mtima wa munthu mmodzi.

Za Red Lions ndimazikamba ndi chisoni, chifukwa ndi timu ya mzinda uno. Timu ya asilikali ili ndi ubwino wake: anyamata ndi olimba thupi, mwambo ulipo, malipiro ndi odalirika. Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016, ndiye palibe anganene kuti asilikali sangapikisane. Koma osewera ambiri ndi ogwira ntchito ya usilikali, imene ili ndi maphunziro ndi maulendo ake osayang'ana kalendala ya SULOM, bungwe loyendetsa ligi, ndipo timu yotere siingangolowa pamsika n'kugula womwetsa zigoli monga achitira matimu a anthu wamba. Ikataya anthu awiri ofunika, dzenje limatenga nthawi kuti likwiririke.

Pamwamba pa izo padali nkhani ya bwalo. Pamene bwalo la Zomba linkamangidwa, Red Lions inkalandirira alendo kutali, monga ku Balaka ndi ku Chiwembe. Mwa masewero 30 a ligi, 15 amayenera kukhala apakhomo, ndipo pakhomo m'pamene timu yapakatikati imatolera mapointi opulumukira. Pakhomo wosewera amagona pa bedi lake, amadya chakudya chimene adazolowera, amadziwa mbali imene mpira umadumpha molakwika ndi kumene mphepo imachokera masana. Amamvanso mawu a anthu a ku Matawale ndi ku Sadzi akumutchula dzina. Zonsezi zimachoka ngati masewero apakhomo ayamba ndi kukwera basi kudzera ku Liwonde, ndipo sapota wa ku Chikanda sangapeze ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera sabata ndi sabata. Timu yotero imakhala ikuyenda chaka chonse.

Kutopa kumaonekera pa m'ndandanda wa ligi mwanjira yosavuta kuiwerenga. Kupambana ndi mapointi atatu, kufanana mphamvu ndi imodzi. Zigoli zambiri mu mpira zimalowa chakumapeto kwa masewero, pamene miyendo yalemera ndipo mutu wasiya kuwerenga msanga zimene mdani akuchita. Timu imene ikutsogola 1-0 n'kubwezeredwa pa mphindi 85 yataya mapointi awiri. Zikachitika kasanu pa nyengo, ndi mapointi 10, ndipo kumunsi kwa ligi yathu mapointi 10 amatha kusiyanitsa timu yokhala pakati ndi timu yotsika. Masapota amadzudzula wotchinga kumbuyo amene wachedwa ndi phazi limodzi, osadziwa kuti phazi limenelo lidatayika masiku anayi apitawo.

Matimu athu a ku Domasi, Songani, Thondwe ndi Jali sangakhale ndi thumba la Bullets, koma zina mwa zimene zimasunga miyendo n'zotchipa. Anyamata adye masewero akangotha, osadikira kukafika kunyumba usiku: nsima ya nyemba kapena matemba a ku Chilwa, mazira, nthochi, ndi madzi ambiri. Tsiku lotsatira si lothamangitsa anthu kukwera phiri ngati chilango cha kugonja. Ndi la kuyenda pang'ono ndi kuwongola minofu. A pa benchi apatsidwe mphindi kumayambiriro kwa nyengo, pamene mapointi sadayambe kuwawa, kuti tsiku lodzawafuna asadzalowe ali ozizira. Ndipo masapota, mukaona kochi wakhazika pansi womwetsa zigoli wanu pa masewero ooneka ophweka, yambani mwafunsa kuti mnyamatayo wasewera kangati sabata imeneyo.

Ine makochi achinyamata ndimawauza kuti agule kope la ana asukulu. Tsamba lililonse likhale la wosewera mmodzi: tsiku la masewero, mphindi zimene wasewera, ndi yankho lake m'mawa uliwonse pa mafunso awiri, wagona bwanji ndipo pakuwawa ndi pati. Amene wakwanitsa mphindi 270 m'masiku asanu ndi atatu, ndiye kuti masewero atatu athunthu, otsatirawo ayambire pa benchi, ngakhale akhale kaputeni.