Kujambula pamakoma a mumzinda: zololedwa ndi ziti?

N'chifukwa chiyani anthu amakajambula pakhoma?

Khoma limaonedwa ndi aliyense, ngakhale munthu amene sanapondepo m'nyumba yoonetsera zojambula. Ena amafuna dzina lawo limveke, monga TAKI 183 amene anadzaza dzina lake mu New York mpaka nyuzipepala ya New York Times inalemba za iye mu 1971. Ena amadzudzula olamulira, ena amalira mnzawo amene anamwalira.

Kodi ndi mlandu?

Malamulo sayang'ana kukongola kwa chithunzi, amayang'ana chilolezo. Popanda chilolezo, m'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu woononga katundu wa eni: chindapusa, kulipira ndalama zofufutira, mwinanso ndende.

Chilolezocho chikhale chotani?

Cholembedwa, ndipo asaine ndi mwini nyumba weniweni, osati wochita lendi. Ambiri amagwera pamenepa, chifukwa "jambulani" wapakamwa amakanidwa mawa lake. Pepalalo litchule khoma lake, kukula kwa malo, chimene chijambulidwe, nthawi imene chikhalepo, ndi amene adzachifufute. Nyumba zakale zotetezedwa zimafunanso chilolezo cha khonsolo. Mukaikamo dzina la kampani, khonsolo ingachitenge ngati chikwangwani chotsatsa malonda, chomwe chili ndi malamulo akeake.

Mwini khoma angafufute chithunzi changa?

Kawirikawiri inde, khoma ndi lake. Komabe pa nyumba ina yotchedwa 5Pointz ku New York mwini malo anapaka penti yoyera usiku pa zithunzi zomwe anazilola yekha, mu 2013, ndipo mu 2018 khoti linamulamula kupereka madola 6.75 miliyoni kwa ojambula 21. Lamulo la 1990 limene linawateteza ndi la ku America kokha, n'chifukwa chake mfundoyi ilembedwe m'pangano lanu.

Nanga makoma olola aliyense?

Alipo, monga msewu wa Leake Street wodutsa pansi pa siteshoni ya sitima ku London kuyambira 2008. Pamenepo ntchito yanu ingakwiriridwe tsiku lomwelo, musakhumudwe. Ojambula alinso ndi mwambo wawo wosalembedwa: sulemba kadzina kako pamwamba pa chithunzi chimene mnzako wachivutikira, ndipo chokumbukira womwalira sachikhudza.

Bwanji penti imakanganuka msanga?

Chinyontho ndi fumbi. Pulasitala watsopano aume kaye masiku 28. Khoma lakale likwecheni ndi burashi yawaya, mulitsuke, liume, kenako mupake primer, penti yoyamba yothandiza kuti penti inayo igwire bwino. Chitini cha penti yopopera chikhutchumuleni mphindi ziwiri kampira kam'kati katayamba kulira, ndipo popopera chitalikire masentimita pafupifupi 20. Mukayandikitsa kwambiri kapena kuima pamodzi, penti imayenderera ngati misozi. Kupaka mopyapyala kawiri kumaposa kupaka kamodzi mochindikala. Valani chophimba mphuno chokhala ndi sefa ya utsi wa penti, pakuti kansalu wamba kamangotchinga fumbi.