Nsima sinalakwe, onani kukula kwa mtanda

Wodwala ndikamuuza kuti shuga wake wakwera, funso loyamba limakhala lakuti, "Ndiye ndisiye nsima, adokotala?" Ndimayankha kuti ayi. Agogo athu ankadya nsima tsiku ndi tsiku, koma ankaidya atachokera kolima, atatunga madzi, atasinja. Ife a m'tauni timaidya titakhala pampando kuyambira m'mawa, madzulo n'kukwera minibasi, kabaza n'kudzatitula pakhomo penipeni.

Nsima ikagayidwa m'mimba imasanduka shuga, shugayo n'kulowa m'magazi. Imene imamudya kwambiri shugayu ndi minofu, makamaka ya m'miyendo. Minofu ikamagwira ntchito imamukoka m'magazi mosavuta. Ikangokhala, shuga amachedwa m'magazimo, ndipo wotsala thupi limamusunga ngati mafuta. Mimba ija timaiyamikira kuti "zinthu zikuyenda" nthawi zambiri imabwera ndi anzake awiri, shuga ndi BP.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ana ola limodzi patsiku. Mphindi 30 masiku asanu, zakwana. Sizilira jimu kapena nsapato zodula. Yendani ndawala mpaka mtima uzigunda mofulumirirapo, muzitha kulankhula koma osatha kuimba. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kwanu. Kupalasa njinga, kuchapa, kupalira, ngakhale kuvina kukwaya, zonsezi zimawerengedwa.

Kusikelo amayi amaphunzira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Koma pamphasa mupeza mitanda itatu ya nsima yoyera, ndiwo zili m'kambale kongonyambitira. Tembenuzani zimenezi. Masamba achuluke, nyemba, nandolo kapena usipa zikhalepo, mtanda ukhale wofanana ndi chibakera chanu, kupatula ngati mumagwira ntchito ya thukuta. Ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera, chifukwa pokonola timataya madeya amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akunyoza bonongwe, chisoso ndi nkhwani zotendera kuti n'za amphawi, iye n'kumakhuta tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi.

Mchere ndiye tauzolowera mopyola. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'buledi, m'nsomba zouma zothira mchere ndi m'timibulu tokometsera ndiwo. Soda amene timathira m'therere nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mumchere, komanso amaononga ena mwa mavitamini a m'masamba. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe, poti matendawa sapweteka msanga.

Ngati mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu mukangoyenda pang'ono, yambani mwaonana ndi achipatala musanayambe zolimbitsa thupi. Amene muli kale pamankhwala a BP kapena shuga musawasiye poti mwayamba kuyenda. Pitani mukayezetse, ndipo BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa maulendo angapo, mukambirane ndi dokotala wanu.