Kuthyola Simu Khadi Sikufafaniza Ngongole

Mumsika wa Zomba ndi pa Chinamwali pamamveka mphekesera yakuti munthu akakongola ndalama pa foni n'kuthyola simu khadi yake, ngongoleyo imathera pomwepo. Zimenezi n'zabodza. Kuyambira mu 2018, nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kapena pasipoti, choncho wobwereketsa amadziwa mwini ngongole weniweni. Komanso lamulo la 2010 linaloleza mabungwe osunga mbiri ya okongola, omwe amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo mabanki amayamba afufuza kumeneko asanapereke ngongole. Wothawayo amadzadzidzimuka tsiku limene akufuna mpamba wa geni kapena fizi ya mwana, akukanidwa pa kauntala, chiwongola dzanja ndi chindapusa zitaunjikana kale pa kandalama kamene anatenga kaja.