TB ya m'anabere: n'chifukwa chiyani osasiya mankhwala ngakhale chotupa chikukula?

Kodi TB imafika bwanji m'khosi?

Kachilombo kake, Mycobacterium tuberculosis, kamene wasayansi Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamalowa ndi mpweya m'mapapo. Asilikali ena a m'thupi amakameza n'kupita nako m'anabere, makamaka a m'khosi. Chotupa chake chimakula pang'onopang'ono ndipo nthawi zambiri sichipweteka. Ndi chifukwa chake ambiri amachedwa kupita kuchipatala.

Madokotala amatsimikiza bwanji?

Amakoka timadzi ta m'chotupacho ndi singano n'kukatiyeza, kawirikawiri pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert.

Lamulo la mankhwala likuti chiyani?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati miyezi 6 pa TB yomva mankhwala. Miyezi 2 yoyamba munthu amamwa isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, ndipo miyezi 4 yotsalayo amamwa isoniazid ndi rifampicin basi. Kuyambira mu 2022, ana a miyezi 3 mpaka zaka 16 amene TB yawo sinafike poopsa atha kumwa kwa miyezi 4.

Ndikumwa mokhulupirika, koma chotupa chakula. Mankhwala alephera?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muwerenge mofatsa. Asilikali a m'thupi amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timapuloteni totchedwa ma cytokine. Mwa timapuloteniti, IL-12 imadzutsa asilikali otchedwa maselo a T kuti atulutse ina yotchedwa interferon-gamma, imene imalimbitsa maselo omeza tizilombo aja kuti atiphe. TNF imaitana maselo ena kuti amange mpanda kuzungulira tizilombo. IL-10 ndiye mzimamoto, imaletsa kutupa kusapitirire muyezo. Mankhwala akayamba kupha tizilombo tambiri, zotsalira zake zimatha kuputa chitetezo, uthenga woitanira nkhondo n'kuchuluka kuposa wotontholetsa. Mwanabere amatupa, amafewa, nthawi zina amaphulika n'kutulutsa mafinya. Zimachitika pakapita masabata kapena miyezi, ngakhale kwa ena amene amaliza kale mankhwala.

Ndiye ndingokhala chete?

Ayi ndithu. Bwererani kuchipatala, koma mukumwabe. Dokotala ayenera kuona ngati TB yanu si yosamva mankhwala, kapena ngati palibe matenda ena. Akhoza kukoka mafinyawo ndi singano. Chonde musafinye kapena kuboola nokha, chilonda chake chimachedwa kupola.

Ndingapatsire ena?

Ngati TB ili m'anabere mokha, simuifalitsa potsokomola. Komabe amakuyezani mapapo, chifukwa imatha kukhala konse kuwiri.

Nanga amene ali ndi HIV?

WHO imati ayambe ma ARV pasanathe masabata 2 chiyambireni mankhwala a TB, kupatula ngati TB yakhudza ubongo. Maselo a chitetezo a CD4 akayamba kuchulukanso chifukwa cha ma ARV, ma cytokine amabuka mwamphamvu, anabere n'kutupa, thupi n'kutentha. Vutoli amalitcha IRIS. Likakula, dokotala amapereka prednisone kuti achepetse kutupako, ma ARV ndi mankhwala a TB akumwedwabe tsiku ndi tsiku.